Kukalawa Sukulu ya Lusiya

Seputembala, nandolo atauma

Uthenga unandipeza kuseri kwa nyumba, ndili pansi miyendo tambalale, ndikumenya nandolo ndi kamtengo. Ndinayamba kumva mapazi, kenaka wefuwefu, kenaka Lusiya mdzukulu wanga ali chilili patsogolo panga, patapata imodzi ili m'manja, inayo ataitaya kaya kuti. "Anganga," anatero, "dzina langa latuluka." Ine ndinati latuluka kuti, linali m'ndende kodi? Iye anaseka uku misozi ikutsika. "Ndasankhidwa, anganga. Folomu wani."

Ana anga, ndinadzuka bondo litaiwala kuti limapweteka. Ndinaimba nthungululu imodzi yaitali, nkhuku n'kubalalika, galu wa eni n'kuuwa kutsidya. Ndinavina pa nandolo pomwepo, ndinavina ine, makoko akulira kumapazi ngati maseche. Chiwolokereni amayi anga kuchokera ku Mozambiki, mtolo uli pamutu, panalibe mwana wamkazi wa nyumba yathu amene anapondapo khonde la sekondale. Lero waponda, lero waponda, ndinkaimba choncho, mawu ena osabwera.

Izi ndikulembera iwe Witinesi ndi ana ako, ndi iwenso Lusiya ukadzakula, ndi zilembo zimene ndinakatola ku sukulu ya kwacha imvi zitamera kale. Pomwe zakhota muwongole nokha.

Sukulu imene anasankhidwirako ndi sekondale yoyendera ya kwathu konkuno ku Nchilamwela, mtunda woti mwana amapita m'mawa n'kubwera dzuwa likadalipo. Ndinati zatha bwino, mwana aphunzira, ine ndikhalabe naye. Pajatu pakhomo pano tinali awiri basi, ine ndi iye, chimwalirireni mayi ake Edina, mwana wanga wamkazi.

Atayamba kale kupita, kafoni kanga kanalira. Anali Witinesi, mwana wanga wamwamuna, malume ake a Lusiya, amene amasoka zovala ku Limbe. "Amayi," anatero, "mwanayo mutu wake ndi wakuthwa, tisaubunthitse. Kuno kuli sekondale ya boma pafupi ndi pomwe ndikukhala, yoyendera yomweyo. Kuli magetsi, kuli mabuku, kuli chipinda cha sayansi. Ndalankhula ndi a hedi, akuti teremu yachiwiri malo alipo ngati atasamutsidwa mwadongosolo. Azikhala kwathu." Ndinati ndamva. Iye anati, "Mwangomva basi?" Ndinati mawu a malume satayidwa pansi, koma tiyi sagulidwa ali m'thumba, ndibwera ndidzayambe ndailawa sukuluyo. Witinesi anaseka mpaka kutsokomola. "Amayi, ndi sukulutu, si ndiwo." Ndinamusiya aseke. Kuti mumve chimene ndinkanena, ndiyambe ndakuuzani za ntchito yanga.

Chaka chimene ndinalembedwa pa esiteti

Ndinalembedwa ntchito yotchola tiyi ndili mtsikana, mvula yoyamba itangogwa, nyengo imene tiyi amaphuka ngati wapenga ndipo esiteti imalemba aliyense wa manja awiri. Anandipatsa dengu lakumsana ndi nambala. Kapitawo wanga woyamba anali a Namakhwa, munthu wamfupi wa mawu a ng'ombe. "Masamba awiri ndi kansonga," ankafuula, "osati nthambi za agogo anu." Pa sikelo ankapisa dzanja mpaka pansi pa dengu, akapeza tsamba lokhwima n'kulikweza m'mwamba kuti mzere wonse ulione. "Ili mukufuna akamwe ndani, mbuzi?" Tinkawaopa, tinkawatukwana chamumtima. Koma tsiku limene malungo anandigwetsa pakati pa munda, ndi a Namakhwa omwewo anasenza dengu langa kumsana kwawo, amuna anzawo akuwaseka, n'kukalipimitsa pa nambala yanga.

Zosowa zinalipo. Chaka china majasi a mvula sanabwere, chiperoni chitakhazikika ngati mlendo wopanda manyazi, ndiye tinkaboola matumba a feteleza n'kulowetsa mitu. Zala zinkachita dzanzi, mapazi ankang'ambika, mvula ikatha ena ankatiimitsa n'kutiuza kuti tidzabwere ikadzagwanso. Koma ndikuuzeni, m'munda munthu sukhala wekha. Kumanja kwanga kunali a Dorika, pakamwa ngati wayilesi, kumanzere a Filesi a Sabata amene ankatidzudzula tikaimba zolaula kenaka n'kumathandiza pansipansi. Nyimbo inkayamba ku mzere wakumtunda n'kutsetsereka pamwamba pa tiyi mpaka kudambo. Ukadwala amadziwa, ukakhala ndi pakati amadziwa iwe usanadziwe.

Nditakwatiwa ndi a Jemusoni, bambo ako Witinesi, amene ankasonkhezera nkhuni ku fakitale, anandisamutsira ku divishoni ya kufupi ndi fakitaleyo, cha kumbali ya ku Makwasa. Anatipatsa nyumba m'malaini, khoma limodzi ndi anansi, moti wina akayetsemula kwawo ife tinkati pepani tili kwathu.

Zaka za makapu

Msana utayamba kukana dengu, kunamveka kuti mayi amene ankatsuka makapu m'chipinda cholawira tiyi wapuma. Anatiika pamzere amayi angapo, bwana wolawa tiyi, a Likoswe, n'kumadutsa patsogolo pathu mphuno ili m'mwamba ngati galu wosaka. Anzanga anali atadzola mafuta onunkhira kuti aoneke anthu. Ine mafuta ndinalibe, sopo anali atatha dzana. A Likoswe anaima pa ine. "Uyu," anatero. "Sakununkhira kanthu." Umphawi unandipezera ntchito, ana anga, umphawi womwewu.

Ntchito yake inali kuwiritsa madzi atsopano, kundandika makapu oyera pa thebulo lalitali, kuika masamba, kuthira madzi, kuvundikira, kudikira, kenaka kutsanulira m'timbale. A Likoswe ankabwera ndi supuni, n'kukoka tiyi mwaphokoso ngati mwana wosaleredwa, kumuzunguza m'kamwa, n'kulavulira m'chitini. Kumeza ayi. Kapu iyi, kapu iyo, mpaka kumapeto kwa thebulo. Lilime lawo linkadziwa ngati moto unapitirira, linkadziwa ngati masamba anachedwa pa thirakitala, ndipo chimene lanena ndicho fakitale yonse inkatsata. Ine zaka zonsezo sopo wonunkhira ayi, mafuta ayi, ngakhale anyezi m'manja ayi.

Anzanga ankati ndakwera. A Dorika akandiona ankagwada mwachipongwe, "Moni mayi wa makapu, mwadzuka bwanji kumthunziko?" Sankadziwa. Chipinda chija chinali choyera, chozizira, chachete ngati chipatala, ndipo a Likoswe sankalankhula ndi munthu pokhapokha kapu ikathimbirira. Mphepo ikachokera kumunda, nyimbo ya anzanga inkalowa pawindo, ine n'kumavomera chamumtima, nsalu yopukutira ili m'manja. Ndinkati kukhala ndekha ndakuphunzira, ndakumaliza, palibenso chondiopsa.

Tsiku lina la chiperoni, tiyi wambiri akudikira kuti anyamuke, a Likoswe analowa mphuno ikudontha. Ine ndinandandika monga mwa masiku onse. Iwo anangokhala pampando manja atapinda. Ndinati bwana, tiyi akuzizira. Anati, "Fanesi, lero sindilawa. Wachimfine akalawa, tiyi yense amamuwawira, wabwino ndi woipa yemwe. Ndinganamizire munda wosalakwa. Kaitane Mateyu." Mateyuyo anali wachiwiri wawo, ndipo awiriwo sankamwerana madzi. Ndinati nanga akalakwitsa? Anamina kaye, kenaka anati, "Akalakwitsa alakwitsa ndi lilime labwinobwino. Pita." Ndinapita. Mateyu analawa, a Likoswe ali phee pampando kuonerera munthu amene sankamufuna akugwira supuni yawo.

Zotsatira mukuzidziwa. A Jemusoni anatisiya, chifuwa cha utsi chija. Zaka zanga zitakwana ndinabweza kiyi wa nyumba ya m'malaini n'kubwera kuno pa malo a amayi. Edina anabwera akudwala, mwana ali kumsana, ndipo mvula isanabwere kawiri tinamuika. Lusiya anatsala m'manja mwanga akuyamwa chala. Kuchokera pamenepo mphasa yathu inali imodzi, nyali imodzi, ndipo ndikati "iwe" m'nyumba muno pankakhala wovomera.

Okutobala, ku Limbe

Ndinakwera minibasi dzuwa likuswa mtengo. Witinesi anandichingamira, apongozi anga make Dalitso anandilandira bwino m'nyumba yawo ya zipinda ziwiri. Kutacha tinanyamuka. Panjira Witinesi ankangonyengerera. "Amayi, tikangoona panja, tikapereke moni, tibwerere. Musakandichititse manyazi." Ndinati manyazi ndinakuchititsa tsiku lomwe ndinakusambitsa pa mpope wa m'malaini, ena atsala kuti?

A hedi anali mayi wa magalasi, thebulo lawo lodzaza mapepala. Witinesi anayamba ndi Chizungu chake cha pa makina osokera, ine ndinamudula. Ndinati, "Mayi, ine sindinabwere kudzaona penti. Pa esiteti alendo akamabwera tinkapaka laimu ngakhale miyala ya m'mbali mwa msewu. Ndikupempha pokhala m'kalasi ya folomu wani, kuyambira belu loyamba mpaka lomaliza. Mdzukulu wanga asanamwe, ndilawe ndine."

Anavula magalasi. "Chizungu mumamva, agogo?"

"Ayi, koma nkhope ndimamva."

Anaseka, koma osati kuseka kwa Witinesi. "Makolo ambiri amangofunsa za yunifolomu. Chabwino. Koma mipando tilibe yokwanira. Mukakhala pa benchi ndi atsikana mothinana, mukapirira?"

Ndinati ndinakwerapo thirakitala ya masamba ine. Witinesi ndinamuuza apite akasoke.

Ana m'kalasimo anali ngati nyerere pa nzimbe. Nditalowa kunali kunong'ona, kenaka kamnyamata kena kakutsogolo kanati, "Agogo, homuweki mwalemba?" Ndinati yanga ndalemba, yako ili kuti? Kalasi yonse inamuseka iyeyo, ine n'kukhala kumbuyo pakati pa atsikana. Kuseka kunathera pomwepo. Aphunzitsi atalowa, Chizungu chinayamba kuyenda, manja akukwera, mabuku akutembenuzidwa, ine ndili ngati mwala pakati pa mtsinje. Sindinakhalepo ndekha chotero pakati pa anthu ochuluka chotero. Ndinaganiza za Lusiya wanga ndi kalankhulidwe kake ka kwathu, atakhala pa benchi yomweyo, wopanda womudziwa.

Ndiye ndinayamba kutchola zoipa, ndipo dengu linadzaza msanga. Mawindo osweka. Akumbuyo mawu a aphunzitsi ankawapeza atatha kale, maminibasi akuimba mahutala kumsewu. Buku limodzi mitu yambirimbiri. Mphunzitsi wina sanabwere n'komwe, anangotumiza kope kuti mwana mnzawo alembe pa bolodi. Ndinapempha kutaya madzi kuti ndikaone kuseri, ndinapeza zimbudzi za atsikana zina zilibe zitseko, mpope ukungotulutsa mpweya. Kumpanda anyamata a kabaza atatsamira njinga, maso ali m'kati. Chilichonse ndikachipeza, mtima unkati eya, ichonso, ponya m'dengu.

Kenaka anatitengera ku chipinda cha sayansi. Mphunzitsi wake anali mtsikana wochepa thupi, choko mpaka m'tsitsi. Ananyamula botolo la madzi oyera, anadonthezera m'madzi ena oyera, ndipo madziwo anasanduka ofiirira ngati duwa la mbatata. Ana onse anakoka mpweya pamodzi. Iye anayang'ana kumbuyo kwenikweni, n'kuitana ndi dzina mtsikana wina amene tsiku lonse sanakweze dzanja, kuti adzathire yekha. Mwanayo anayamba kuthira mwamantha. Mphunzitsi anamugwira pamkono, osamulanda botolo, mpaka madzi anasanduka. Ndinapezeka ndaimirira, khosi litatalika, pakamwa pali yasa. Nditazindikira ndinakhala pansi msanga n'kuyang'ana mng'alu wa pakhoma kuti nawonso ulowe m'dengu.

Nthawi yopuma ndinatuluka kumpanda, kumene amayi amagulitsa zokazinga. Mayi wina wa zitumbuwa ankathamangitsa ntchentche uku akukalipira mwana, ndipo lilime lake ndinalimva kuti ndi la kwathu. Ndinamupatsa moni wa Chilomwe, mosheliwa, iye n'kuvomera mokondwa, n'kundisunthira chidebe kuti ndikhalepo. Anati dzina lake ndi Rozina, kwawo ndi ku Mulanje.

"Ndinu agogo aja akuti alowa folomu wani? Nanga yunifolomu?"

"Telala wake ndi mwana wanga, ndiye mukudziwa, za pakhomo zimasokedwa pomaliza."

Anandipatsa chitumbuwa, ine n'kumukhuthulira dengu langa lonse, mawindo, zitseko, mpope, a kabaza. Iye ankangogwedeza mutu. "Zoona zimenezo. Za zitsekozo makolo tinakakalipa, akuti akonza, tikudikira. Madzi mwana azinyamula m'botolo. A kabazawo akafika pafupi ndimawakhuthulira madzi otsukira, amandidziwa. Wanga ali folomu fili momwemo, ndipo sindingamuchotse." Anatembenuza zitumbuwa zake, kenaka anandiyang'ana cham'mbali. "Koma mayi, ine makolo odandaula za zimbudzi zimenezi ndawaona ambiri. Amakwinya nkhope. Inu mukuzitchula mukumwetulira, ngati mwapeza bowa. Kodi mwanayo akabwera kuno, kumudziko mutsala ndi ndani?"

Ndinasiya kutafuna chitumbuwa. Ndinati ndi nkhuku, ndi mbuzi imodzi. A Rozina anangondipatsa madzi.

Ndinabwerera m'kalasi mpaka belu lomaliza, poti ndinali nditanena, koma kulawa ndinali nditasiya. Ndinkangoona a Likoswe ali pampando manja atapinda. Madzulo Witinesi anandifunsa akumwetulira, "Nanga yakoma, amayi?" Ndinamufotokozera za tsiku la chimfine lija, n'kumuuza kuti lilime langa pa nkhani iyi silili bwino. Sukulu iliyonse yondichotsera Lusiya indiwawira, ngakhale itakhala ndi zitseko zagolide. Ndinganamizire munda wosalakwa. Abwere mwini wake adzalawe. Witinesi sanasekenso.

Novembala, mvula isanagwe

Lusiya anapita ndi malume ake. Akuti a hedi anafunsa ngati mudzi wathu wonse udzalawe, koma pa benchi anamuika. Atabwera, malume akewo atamuperekeza, ndinamusiya avule nsapato, amwe madzi, kenaka ndinafunsa. Anayankha akuyang'ana zala zake. "Ndi yoipa, anganga. Zimbudzi zilibe zitseko. Phokoso lokhalokha. Ine ndikhala konkuno." Mtima wanga unadumpha ngati mwana wa mbuzi. Ndinati wanena mwini wake, si ine. Masiku amenewo ndinkaimba posesa, ndinkaimba popita kumunda kukapanga mizere, a Dorika, amene nawonso anapuma n'kumanga kutsidya kwa msewu, mpaka anafunsa ngati ndapeza banja.

Tsiku lina ndinaweruka kumunda msanga, bondo litavuta. Ndinamva mawu kuseri kwa khitchini, mawu a Lusiya, koma akulankhula Chizungu, pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa munthu. Ndinasuzumira. Anali yekha, atanjuta. Patsogolo pake panali mabotolo, lina la madzi ofiira a chidede amene anawiritsa, lina la chidulo changa chophikira thelere. Anadonthezera chidulo m'madzi ofiirawo, ndipo madzi anatembenuka, kufiira kunathawa, kunabwera kubiriwira. Anakweza botolo kudzuwa. Nkhope imeneyo, ana anga, ndinamulera ine mwanayu koma nkhope imeneyo sindinaionepo. Sinali yanga. Sinali ya pakhomo pano.

Ndinatsokomola. Anabisa botolo kumbuyo.

"Ukutani?"

"Palibe, anganga. Kusewera."

"Wakuphunzitsa ndani masewera ake?"

Anati, "Aphunzitsi aja a sayansi. Nditawauza kuti ndine wa ku Thyolo anati inu akumudzi zipangizo muli nazo kukhitchini, kayese chidede ndi chidulo, udzandiuze chimene udzaone." Anaika botolo pansi. "Kuno amangotijambulira botolo pa bolodi."

"Pa sukulu yoipa ija ndi pomwe anakuuza zimenezi?"

Anayang'ana botolo lake. Ndinakhala pa mtondo, bondo ndi mtima zikupikisana kupweteka. Ndinaona kuti wolawa wachiwiri uja nayenso ndinamupatsira chimfine changa. Zitseko zimene anatchulazo anazitola pakamwa panga. Ndikanatha kukhala chete, ndipo palibe akanandiimba mlandu, pajatu mwini wake anali atakana pamaso pa malume ake. Ndinayang'ana nyumba, ndinayang'ana kamsewu kamene amatulukira akamachokera ku sukulu. Kenaka ndinati, "Pakamwa pako panandikomera mtima, koma manja akowa anena zoona. Januwale ukupita."

"Ayi anganga. Madzi azikutungirani ndani?"

"Mjigo ndinaudziwa iwe usanabadwe."

"Bondo likatupa?"

"A Dorika ali kutsidya kwa msewu, ndi pakamwa pawo pomwe."

"Nanga madzulo muzicheza ndi ndani?"

Ndinati ndizicheza ndi nkhuku, nkhuku sizitsutsa munthu ngati iwe. Anaseka, kuseka kwake n'kusanduka kulira, n'kuika mutu pamiyendo panga ngati kale. Ine sindinamuyang'ane. Ndinatola botolo lija n'kumukalipira kuti wandithera chidulo, thelere la lero tiphikira chiyani.

Tsiku lomwelo ndinaimbira Witinesi, ndinati patsira akazi ako. Ndinati, "Apongozi, ndikukupatsani mwana wa sukulu, osati wantchito. Mbale atsuke, pakhomo asese, ndi mwana wanu. Koma belu la sukulu lisadzamupeze ali ndi Dalitso kumsana." Make Dalitso anati, "Ndamva amayi, nanenso sukulu ndinaisiyira kulera ana a eni, sindingamuchite zimenezo." Ndinawonjezera kuti azinyamula madzi m'botolo, aziyenda ndi anzake, ndipo tsiku loyamba akamuonetse kwa a Rozina a zitumbuwa kuti diso lawo lizikhala pa iye. Sukuluyo zoipa zake sindinazinamizire, zilipo ndithu. Koma ndinaona mphunzitsi akugwira mkono wa mwana osamulanda botolo, ndipo chimenecho ndinachiona ndi maso, osati ndi lilime.

Januwale, tiyi ataphukanso

Pamene ndikulemba pano mvula ili pa malata, ndipo Lusiya ali ku Limbe. Amaimba Loweruka, foni ya malume ake ikakhala ndi mayunitsi. Akuti anzake amamuseka kalankhulidwe, akuti masiku oyamba ankadya yekha, koma tsopano wapeza mnzake wa ku Chiradzulu. Akuti zitseko zina aika, zina ayi. Amalankhula mothamanga, mawu achizungu akugwera m'kati, ine n'kumangoti eya, eya, kuti asaleke.

Kuno nyumba yakula. Sindinkadziwa kuti zipinda ziwiri zingakule chonchi. Ndimapezeka ndatulutsa mbale ziwiri, ina n'kuibweza mwakachetechete ngati pali wondiona. Dzuwa likapendeka, ana a sekondale ya kwathu amadutsa pamsewu ndi mayunifolomu awo, khosi langa limatembenuka lokha, ndalikaniza koma silimva. A Dorika amabwera, amalankhula mpaka makutu kutentha, koma nawo ali ndi kwawo, ndipo akapita chete amene amatsala amaposa wa m'chipinda cha a Likoswe. Ndimati "iwe" nthawi zina, poiwala. Mbuzi ndiyo imatukula mutu.

Koma sindikufuna kuti mudzawerenge n'kunena kuti anganga anatsala akulira. Ndinasankha ndekha, ndili maso, ndipo atandibwezera tsiku lija kuseri kwa khitchini ndinganenenso Januwale yemweyo. Mudzakumbukire tsiku la chisangalalo, asananyamuke. Tinasankha Lamulungu masana kuti a Sabata ndi ife a Lamulungu tonse tikwane. Ndinaphika thobwa, mbuzi ndinaileka chifukwa ndinkadziwa kuti ndidzaifuna, tambala ndiye analipira. Mvula inatikomera mtima, inadikira kuphiri. Mphasa zinatha, ena anakhala pa mitondo, ena pa njerwa, ndipo Lusiya anavala yunifolomu yatsopano imene malume ake anamaliza kusoka m'mawa womwewo, ulusi ukulendewera.

Anabwera a Dorika, ndipo anayamba kulankhula asanafike pabwalo. Anabwera a Filesi kuchokera ku Makwasa ndi adzukulu awo, Rute ndi Naomi, anati savina, koma phewa linkawaulula. Anabwera amayi a kwa Namakhwa, amasiye a kapitawo wanga, akuyendera ndodo. Anabwera a Mulipa, aphunzitsi a Lusiya a sitandade eyiti, ndi njinga yawo yopanda buleki. Anabwera amayi a kumpingo, a Esinati, a Mele ndi a Jesika, atanyamula sopo ndi makope. Anabwera a Bizaliyele ndi ng'oma yawo yong'ambika m'mbali, ndi akazi awo a Linesi. Anabwera anzake a Lusiya, Agnesi, Chikondi ndi Patuma, amene analira kuposa mwini ulendo. Anabwera alongo anga a Sayimoni kuchokera kwa Mphuka, matope mpaka m'maondo. Anabwera Witinesi, make Dalitso, ndi Dalitso yemwe, amene anagwetsa chikho cha thobwa pa nsapato za a Mulipa.

Ndi ine Fanesi, amene ndinalowa m'bwalo poyamba n'kutuluka pomaliza, chifukwa munthu akamavina palibe amamufunsa ngati madzi ali kumasowo ndi thukuta.